Mwana Amene Mawu Ake Amatsalira Kunyumba

Chaka cha sukulu chikayamba mu Seputembala, aphunzitsi a sitandade 1 ndi alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba m'dera la Mfumu Kasisi amadziwiratu kuti masabata oyambirira ndi a misozi. Ana ena amakakamira chitenje cha amayi awo, ena amazemba pa nthawi yopuma n'kuthawira kunyumba, ena amangokhala duu pakona. Pofika mu Okutobala, dzuwa la m'chigwa litayamba kuotcha mchenga, ambiri amakhala atazolowera, ndipo ntchito ya mphunzitsi imasanduka yowaletsa phokoso. Koma mwa apo ndi apo pamatsala mwana mmodzi amene mawu ake sanamvekebe. Dzina lake likaitanidwa sayankha. Anzake akamaimba, iye milomo ili phee. Akafunsidwa funso amazyolika, thupi lili gwa, mpaka mphunzitsi atatopa n'kupita kwa wina.

Makolo akaitanidwa kuti adzamve za vutoli, kawirikawiri mayi amadabwa mpaka kuseka. Mwana ameneyu kunyumba ndiye wolongolola kuposa onse: amafotokoza zonse zimene waona panjira, amakangana ndi achimwene ake, amaimba nyimbo zomwe zija anakana kuimba m'kalasi, osaphonya ngakhale liwu limodzi. Mayi amaganiza kuti mphunzitsi wasokoneza ana. Mphunzitsi amaganiza kuti mayi akuikira mwana wake kumbuyo. Chonsecho onse awiri akunena zoona. Mwanayo amalankhula bwinobwino pa malo ena, pa malo ena n'kulephereratu, ndipo kusiyana kumeneku ndiko chizindikiro chachikulu cha vuto limene madokotala amalitchula m'Chingerezi kuti selective mutism. M'mawu a tsiku ndi tsiku lingatchedwe kumangika pakamwa chifukwa cha mantha.

Dzina la vutoli lasintha kangapo, ndipo kusinthako kukuonetsa kuti ngakhale akatswiri analiona molakwika poyamba. Mu 1877 dokotala wa ku Germany, Adolf Kussmaul, analemba za anthu otha kulankhula koma osalankhula pa malo ena, ndipo dzina limene anapereka linkatanthauza kuti amachitira dala. Mu 1934 dokotala wa maganizo a ana wa ku Switzerland, Moritz Tramer, anapereka dzina lina, nalonso lokhala ndi ganizo lakuti mwanayo wasankha yekha kukhala chete. Ganizo limeneli linadzachoka m'dzinamo mu 1994, pamene buku limene madokotala a matenda a maganizo ku America amatsatira linalembedwanso, ndipo mu 2013 buku lomwelo linaika vutoli m'gulu la matenda a nkhawa ndi mantha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachitanso chimodzimodzi m'ndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Choncho kholo la kwa Kasisi limene lakhala likuona ngati mwana wake ndi wamakani lisadzione lopepera. Madokotala ophunzira anaganiza zomwezo kwa zaka zoposa 100.

Chimene chimachitika m'thupi la mwana

Anthu okhala m'mbali mwa Shire amadziwa nkhani za munthu amene anaona ng'ona ikuvuuka pafupi ndi pamene ankatunga madzi, nafuna kukuwa koma mawu osatuluka, miyendo osasuntha. Munthu wotero sanasankhe kukhala chete. Mantha akafika pamlingo wina thupi limauma lokha: mtima umagunda mofulumira, kukhosi kumathina, mpweya umaperewera. Mwana wa vutoli zimamuchitikira zomwezo, kungoti chimene chimamuopsa si chilombo, koma kuyembekezeredwa kuti alankhule pamaso pa anthu amene sanawazolowere. Yankho amakhala akulidziwa, mawu ali m'mutu, koma pakhosi pali ngati patsekedwa.

Chimene chimalimbitsa vutoli ndi kachitidwe kooneka kosalakwika. Mlendo afunsa mwana dzina. Mwana auma. Kukhala chete kuja kukatalika aliyense amamangika, ndipo mayi kapena mkulu wake amamuyankhira: "Ndi wamanyazi ameneyu, musadabwe naye." Pomwepo mantha a mwana amatsika, akuluakulu nawo mitima imakhala pansi. Koma thupi la mwana laphunzirapo kanthu, kuti kukhala chete kumapulumutsa. Zikachitika kambirimbiri pa tsiku, mwezi ndi mwezi, chizolowezicho chimamera mizu. Anzake a m'kalasi nawonso amazolowera, nayamba kuuza mphunzitsi aliyense watsopano kuti, "Madamu, uyu salankhula." Kuyambira pamenepo mwana wavala dzina limene limanka livuta kuvula chaka ndi chaka.

Vutoli limayamba mwana ali ndi zaka pakati pa 2 ndi 4, koma limadziwika akayamba sukulu, chifukwa ndi kumene amayamba kufunsidwa mafunso ndi anthu achilendo tsiku lililonse. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amapeza kuti limagwira ana osakwana mmodzi pa ana 100 alionse. A zaumoyo ku Britain amati ndi pafupifupi mwana mmodzi pa ana aang'ono 140. Pa sukulu imene makalasi oyambirira ali ndi ana mazana angapo, si chodabwitsa kupezapo mmodzi kapena awiri. Atsikana amachulukirapo pang'ono kuposa anyamata. Nthawi zambiri pabanjapo pamapezeka wina, bambo, mayi kapena azakhali, amene naye anali wamantha kwambiri pa anthu ali mwana, pakuti mtima wachangu kuchita mantha umayenda m'magazi monga msinkhu ndi khungu. Si chilango cha kulera molakwika, ndipo ana ambiri a vutoli nzeru zawo n'zofanana ndi za anzawo.

Chifukwa chake ambiri sadziwika

Mwambo wa m'chigwa muno, wa Amang'anja ndi Asena omwe, umayamikira mwana wofatsa, wosayang'ana akulu m'maso, wosalowerera nkhani za akuluakulu. Ndi mwambo wabwino, koma umabisa mwana wa vutoli bwino kwambiri. Pa zaka zinayi amatamandidwa kuti ndi waulemu. Pa zaka zisanu ndi ziwiri, akalephera kuyankha moni wa amalume ake amene abwera kuchokera ku Nchalo, khalidwe lomwelo limatchedwa mwano, ndipo amalandira mbama pa chinthu chimene dzana ankamuyamikira nacho.

Kalasi nayo imamubisa. Kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, makalasi oyambirira m'sukulu zambiri amadzaza kwambiri, ndipo mphunzitsi amadalira kuyankha kwa pamodzi. Ana onse akamabwereza a, e, i, o, u mokweza, ndani angadziwe kuti pakamwa pamodzi sipanatseguke? Mphunzitsi amadziwa msanga mayina a ana osokoneza. Wachete savutitsa munthu, ndiye amatha teremu yonse osaonedwa. Amadzaoneka pa nthawi yoyesa kuwerenga, pamene mwana aliyense amayenera kutchula zilembo ndi maphatikizo payekha. Pamenepo amalembedwa kuti sadziwa kuwerenga, nabwereza kalasi, ngakhale kuti kunyumba amawerengera mng'ono wake buku lomwelo.

Kubwereza kalasi si chiopsezo chokhacho. Mwana amene sangathe kupempha kupita kuchimbudzi amadzigwira mpaka kudzikodzera, anzake n'kumuseka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha m'chigwa muno kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, sangapemphe madzi akumwa. Malungo akamuyamba ali m'kalasi sangauze mphunzitsi kuti mutu ukuwawa. Akamenyedwa, akalandidwa phala, kapena wina akamuchitira zachipongwe panjira, sangakuwe. Vutoli likasiyidwa, ena mawu amadzabwera pang'onopang'ono akamakula, koma ambiri amatsala ndi mantha aakulu pa anthu mpaka ukulu, ena n'kusiyira sukulu panjira popanda wodziwa chifukwa chenicheni.

Kusiyanitsa ndi mavuto ena

Si mwana aliyense wachete amene ali ndi vutoli, ndipo kusokoneza kungachedwetse thandizo lofunika mwachangu. Funso loyamba ndi lakuti: kodi pali malo amene mwanayu amalankhula momasuka, ziganizo zathunthu zolingana ndi msinkhu wake? Ngati yankho ndi inde, lilime lake, makutu ake ndi mawu ake zikugwira ntchito. Ngati salankhula bwino paliponse, ngakhale ali ndi amayi ake okha, vuto lili kwina.

Choyamba kuunika ndi makutu. Mwana amene khutu lake limatuluka mafinya kawirikawiri, kapena amene anadwalapo matenda oumitsa khosi, atha kukhala kuti samva bwino, ndipo m'phokoso la m'kalasi samva n'komwe. Chachiwiri ndi malungo aakulu ogwira ubongo, amene si achilendo m'boma la Chikwawa. Mwana amene anakomoka kapena kugwa khunyu ndi malungo, kenako n'kusiya kulankhula kapena kuyamba kusokoneza mawu, ayenera kubwerera kuchipatala msanga, chifukwa vuto lake ndi la ubongo. Palinso ana amene kulankhula kwawo kunachedwa chibadwire, ndi ena amene amavutika kucheza ndi anthu kulikonse, kunyumba ndi kusukulu komwe, sasewera ndi anzawo ndipo amabwerezabwereza zinthu zomwezo. Onsewa thandizo lawo ndi losiyana.

Chinenero nacho chiyenera kuganiziridwa. Mwana wokulira pa banja lolankhula Chisena chokha, kapena amene wangobwera kuchokera ku Mozambique, akalowa m'kalasi yophunzitsidwa m'Chichewa ndi Chingerezi atha kukhala chete kwa miyezi ingapo akumvetsera ndi kutola mawu. Kumeneko ndi kuphunzira, si matenda. Mwana wotere amaseka, amaloza, amasewera, ndipo akapeza mnzake wa chinenero chake amamasuka nthawi yomweyo. Wa vuto la mantha amauma ngakhale mphunzitsi atamulankhula m'chinenero cha kwawo. Komabe ana a zinenero ziwiri ndiwo amagwidwa ndi vutoli kawirikawiri kuposa anzawo, choncho kukhala chete kukapitirira miyezi isanu ndi umodzi, nkhaniyo isathere pa mawu akuti akuphunzira chinenero.

Pali mtundu wina wa kukhala chete umene anthu a m'chigwa muno sangaunyalanyaze. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, namondwe wa Ana amene anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zinachititsa ana ambiri kuona zinthu zoopsa ndi kugona m'misasa pakati pa anthu osawadziwa. Mwana amene ankalankhula paliponse, kenako mwadzidzidzi n'kusiya kulankhula paliponse, ngakhale kwa amayi ake, pambuyo pa ngozi, maliro kapena nkhanza, ali ndi bala la mumtima, ndipo ayenera kuonedwa ndi achipatala mosachedwa. Ngati pali chikaiko chakuti wina wamuchitira nkhanza, nkhaniyo ipite kwa woteteza ana wa ku ofesi yosamalira anthu, ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena pa nambala yaulere ya 116. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 linaikidwa chifukwa cha ana ngati amenewa.

Madokotala satchula kuti mwana ali ndi selective mutism pokhapokha kukhala cheteko kutatha mwezi wathunthu, osawerengera mwezi woyamba wa sukulu. Kwa mwana amene anayamba mu Seputembala, ndiye kuti pofika mu Novembala nthawi yodikira yatha.

Kumene thandizo limayambira

Khomo loyamba ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, yemwe uja amayeza ana kusikelo, kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Kholo litenge buku la kuchipatala la mwana, chifukwa mbiri ya malungo, makutu ndi kukula kwake ili m'menemo. Litengenso kalata yachidule yochokera kwa mphunzitsi kapena mlezi yofotokoza zimene amaona: mwanayo amalankhula ndi ndani, amanong'oneza mnzake kapena ayi, amagwedeza mutu, amadya phala pamodzi ndi anzake, amapita kuchimbudzi. Pamaso pa dokotala mwanayo sadzalankhula, ndipo dokotala wotanganidwa atha kuganiza kuti salankhula konse. N'chifukwa chake ndi nzeru kumujambula pa foni, ngakhale yobwereka, akucheza kapena kuimba kunyumba, n'kukaonetsa dokotalayo. Chojambulacho ndi cha dokotala yekha. Kuchionetsa kwa ana a m'kalasi mwana asanavomere kumamuchititsa manyazi ndipo kumabwezera zinthu m'mbuyo.

Kuchokera kumeneko mwana atha kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma la Chikwawa, kumene kholo lipemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za maganizo. Mawu akuti "za maganizo" amaopsa makolo ambiri, poganiza kuti mwana wawo akutchedwa wamisala ndipo atsekeredwa ku Zomba. Sizili choncho. Mwana wa vutoli sagonekedwa m'chipatala. Ngati pakufunika kuyeza makutu ndi makina kapena kuonana ndi akatswiri a ana, ulendo ndi wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa n'kukwera zitunda. Kumeneko kuli malo oyezera makutu, madokotala a ana ndi a maganizo. Ndi bwino kupita ndi kalata yochokera ku chipatala cha Chikwawa ndi kufunsiratu tsiku limene akatswiriwo amaona odwala, kuti ndalama ya minibasi isapite pachabe.

Akatswiri ophunzitsa kulankhula ndi a maganizo a ana m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo banja la kwa Kasisi silingathe kukwera zitunda sabata iliyonse. Mwayi wake ndi wakuti thandizo la vutoli silichitikira m'chipatala kwenikweni. Ntchito ya chipatala ndi kutsimikiza kuti palibe vuto lina, kutchula dzina la vutoli, ndi kulemba kalata yopita kusukulu. Kuchira kumachitikira pa malo pomwe mawu amakanikirapo. Kholo limene labwerako kuchipatala popanda mapiritsi kapena jakisoni lisaone ngati lanyozedwa. Mankhwala ochepetsa nkhawa, monga fluoxetine, alipo, koma amaperekedwa ndi katswiri yekha, makamaka kwa ana okulirapo amene njira zina zalephera, ndipo ngakhale pamenepo salowa m'malo mwa ntchito ya m'kalasi. Mankhwala ogonetsa ogula pamsika ndi oopsa kwa mwana.

Khomo lachiwiri ndi sukulu. Mphunzitsi wamkulu atha kulumikiza banja ndi mlangizi wa zamaphunziro wa m'zoni, amene amadziwa kumene kuli mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Mwana wa vutoli sayenera kusamutsidwira ku sukulu ya ana osamva. Malo ake ndi m'kalasi yomweyo, pakati pa anzake olankhula.

Mabanja ambiri asanafike kuchipatala amakhala atayesa kwina. Ena amauzidwa kuti mwana anamangidwa pakamwa ndi wachibale, ndipo mabanja adana pa nkhani yotere. Ena amatemera mwana mphini, ena amafuna kudula kachingwe ka pansi pa lilime. Koma lilime limene limagwira ntchito pakhomo madzulo silingakhale lomangika m'mawa kusukulu, ndipo lezala limangoonjezera bala ndi mantha. Pemphero la banja silitsutsana ndi thandizo. Chimene chimapweteka ndi kuimika mwana kutsogolo kwa mpingo wonse, anthu akufuula, akuyembekezera kuti alankhule pomwepo.

Momwe thandizo lake limayendera

Maziko ake ndi amodzi: mwana azolowere kumva mawu ake pa malo amene amaopa, pang'onopang'ono kwambiri, mwakuti mantha asafike poumitsa thupi. Njira yodziwika bwino, imene akatswiri a ku Britain Maggie Johnson ndi Alison Wintgens anaifotokoza m'buku lawo la mu 2001, ndi yolowetsa munthu watsopano pang'onopang'ono m'macheza amene mwana ali kale womasuka. Siifuna chipangizo chogula.

Ana aang'ono akaweruka, mayi ndi mwana amakhala awiri m'kalasi yopanda anthu, kapena pansi pa mtengo umene ana amaphunzirirapo, kwa mphindi 10 kapena 15, katatu pa sabata. Amachita masewera ofuna mawu ochepa: kuwerenga timiyala mosinthana, kutchula mayina a ziweto, kuponyerana ndagi. Masiku oyamba cholinga ndi chimodzi, kuti mwana alankhule ndi amayi ake pa malo a sukulu. Zikatheka, mphunzitsi amakhala panja, chapatali, akuchonga makope, osayang'ana. Tsiku lina amakhala pakhomo. Tsiku lina amalowa, n'kukhala pakona, akadali pa makope ake. Mwana akapitiriza kulankhula, mphunzitsi amasendera pafupi, kenako amalowa m'masewera owerenga: mayi 1, mwana 2, mphunzitsi 3. Manambala ndi osavuta chifukwa alibe yankho lolakwika. Kuchokera pa manambala amapita pa mawu amodziamodzi, kenako ziganizo. Mwana akazolowera, mayi ndiye amayamba kusendera kutali, mpaka mwana ndi mphunzitsi atatsala awiri. Pambuyo pake amaonjezera mnzake mmodzi amene mwanayo wasankha, kenako awiri, kenako kagulu. Mwana akauma pa sitepe ina, palibe kukalipa. Amabwerera pamene zinkatheka, n'kudula sitepeyo pakati.

Zimenezi zimatenga masabata, nthawi zina miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo pali msampha umodzi umene umagwira anthu a mtima wabwino: tsiku limene liwu loyamba latuluka m'kalasi, mphunzitsi asaimitse phunziro, ana asaombe m'manja, mayi asaimbe nthungululu. Mwana amene amaopa maso a anthu akaona maso onse ali pa iye, amatseka pakamwa kwa mwezi wina. Liwulo liyankhidwe ngati kuti n'zachizolowezi, phunziro lipitirire.

Pa nthawi yonseyi mphunzitsi amasintha kafunsidwe kake. M'malo mwa funso lotseguka amapereka zosankha ziwiri: "Ukufuna choko kapena pensulo?" Akafunsa amadikira masekondi asanu, kuwerenga chamumtima, asanabwereze kapena kupita kwa wina, chifukwa akuluakulu ambiri sadikira ngakhale masekondi awiri. Amakhala pambali pa mwana, osati maso ndi maso, ndipo amachulutsa ndemanga kuposa mafunso. Amagwirizana naye za chizindikiro chopempha kupita kuchimbudzi kapena kumwa madzi, monga kuika kamwala patebulo. Pomuyesa kuwerenga amamulola kuloza chilembo chimene chatchulidwa, kapena kuwerengera amayi ake mphunzitsi ali chapatali. Kumukwapula, kumugwaditsa kapena kumumana phala kuti alankhule sikunachizepo mwana, ndipo Unduna wa Zamaphunziro suloleza zilango zopweteka thupi m'sukulu.

Kuyamba msanga kuli ndi phindu looneka. Ku Norway, mu kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2014, Beate Oerbeck ndi anzake anathandiza ana 24 a zaka 3 mpaka 9 ndi njira yofanana ndi imeneyi, kuyambira kunyumba n'kupita kusukulu. Ana a zaka 3 mpaka 5 anasintha kwambiri kuposa okulirapo. Izi zikupereka udindo waukulu kwa alezi a m'sukulu za mmera mpoyamba, amene ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, pakuti ndiwo amaona mwana pa msinkhu umene vutoli limagonja msanga.

Pakhomo ndi pamudzi

Mwana amafunika kumva kuchokera kwa kholo lake kuti vuto lake likudziwika ndipo si mlandu. Mawu ochepa ndi okwanira: "Mwanawe, ndikudziwa kuti kusukulu mawu amakukanika. Sunalakwe. Alipo ana ena otero, ndipo tiziyesa pang'onopang'ono." Funso la tsiku ndi tsiku lakuti "Lero walankhula?" lisiyidwe, pamodzi ndi malonjezo a switi ndi ziopsezo za chikwapu. Zonsezi zimauza mwana kuti aliyense akudikira pakamwa pake.

Chovuta kwambiri pa mwambo wa kuno ndi moni. Mawu a ulemu, moni, zikomo, pepani, ndiwo amabwera pomalizira kwa ana a vutoli, chifukwa amanenedwa munthu akuyang'aniridwa. Pa nthawi ya thandizo, banja livomereze kuti kugwada kapena kuomba m'manja kukwanire. Kholo ndilo liyenera kufotokozera akuluakulu, mwana asakumva: "Agogo, musamukakamize mdzukulu wanuyu. Achipatala anamuona, akuti ndi mantha. Akagwada, moni wake ndi womwewo." Agogo akamvetsa amasanduka athandizi abwino, chifukwa ntchito zawo zambiri ndi zokhala moyandikana manja ali otanganidwa, monga kusankha thonje, kusenda nandolo kapena kukonola chimanga, ndipo mawu a mwana wamantha amatuluka mosavuta pamene maso a wamkulu ali pa lichero.

Kuyankhira mwana kuchepetsedwe pang'onopang'ono. Mlendo akafunsa funso, kholo lidikire pang'ono, kenako litembenukire kwa mwana n'kumufunsa lokha mwa zosankha ziwiri, kuti ayankhe kholo lake mlendo akumva. Kutumidwa ku okala kulinso ndi masitepe ake: poyamba mwana angopereka ndalama kholo lili pambali, kenako aloze chimene akufuna, kenako anene liwu limodzi, "mchere" kapena "sopo". Kuitana mnzake mmodzi wa m'kalasi kudzasewera phada pakhomo kumathandiza kwambiri, chifukwa mnzake amene wamva mawu ake kunyumba amakhala mlatho wopita nawo kusukulu.

Mbali ya makomiti

Misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera imadzaza ndi nkhani za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu, ndipo m'pomveka. Nkhani iyi siifuna thumba la simenti. Imafuna kuti komiti ya sukulu ilole kholo kulowa m'kalasi ana akaweruka, kuti mphunzitsi wamkulu apatule mphindi 15 za mphunzitsi mmodzi katatu pa sabata, ndi kuti gulu la amayi a pasukulu lipeze wolowa m'malo ngati mayi wa mwanayo ali ku dimba kapena ku ganyu, malinga akhale munthu amene mwanayo amalankhula naye kale. Makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi nawonso adziwe ana otere m'midzi yawo, pakuti madzi akabwera usiku, mwana amene sangathe kutchula dzina lake kapena la mudzi wake kwa munthu wachilendo ndiye amavuta kumubwezera kwa makolo ake pamsasa. Kapepala kolembapo dzina lake ndi la nyakwawa yake, kokulungidwa mu pulasitiki n'kusokerera m'chovala, kamagwira ntchito imene pakamwa pakanagwira.

Nthawi imene zinthu zimabwerera m'mbuyo kawirikawiri ndi posintha kalasi. Mwana amene wayamba kulankhula ndi madamu a sitandade 1 atha kuumanso mu Seputembala akapeza nkhope yatsopano mu sitandade 2. Choncho chaka chisanatseke mu Julayi, mphunzitsi wakale alembe m'kope masitepe amene mwanayo wafika, anthu amene amalankhula nawo ndi malo ake, n'kupereka kwa mnzake. Mphunzitsi watsopanoyo alowetsedwe m'masewera owerenga aja mphunzitsi wakale akadalipo, ndipo sabata yomaliza ya tchuthi mayi ndi mwana akakhale kawiri kapena katatu m'chipinda chatsopanocho chisanadzaze ana.